Kamera iyende, katundu akhale momwe alili

Masiku ano mukatsegula Status ya munthu wogulitsa, simupezanso chithunzi chongoima ngati kale. Chitenje chikuuluzika ndi mphepo, bulangete likudziyala lokha pabedi, thiraki ikudutsa dzuwa likulowa. Zambiri mwa zimenezi sizinajambulidwe ndi kamera ayi. Zapangidwa ndi AI kuchokera pa chithunzi chimodzi ndi mawu ochepa amene munthu walemba, aja amawatcha prompt.

Ife takhala tikugwiritsa ntchito njirayi potsatsa zitenje za ku Kariakoo ndi mabulangete a ku Johannesburg, ndipo anzathu ambiri amatifunsa pa boda kuti timalembamo chiyani kuti vidiyo ituluke bwino. Yankho lathu ndi lalifupi ngakhale kulifotokoza kutenga nthawi. Luso lonse lagona pouza makina chinthu chimene chiyende ndi chinthu chimene chikhale phee. Ndipo kwa ife a malonda, chimene chiyenera kukhala phee kwambiri ndi katundu weniweniyo, chifukwa ndi amene kasitomala akulipira.

Tiyambe ndi mayina kuti mukamawamva musasokonezeke. Kampani ya Runway ya ku New York inatulutsa Gen-2 mu 2023. Mu February 2024 OpenAI inaonetsa Sora. Mu May chaka chomwecho Google inalengeza Veo, ndipo mu June kampani ya ku China ya Kuaishou inatulutsa Kling, pamene Luma inabwera ndi Dream Machine. Mu May 2025 kunabwera Veo 3, yotulutsa vidiyo ya masekondi 8 ili ndi mawu ake omwe. Ambiri a ife tinalawira pa Meta AI ya mu WhatsApp, pakuti mu April 2024 Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa anali m'gulu la mayiko oyamba kuilandira kunja kwa America, ndipo umatha kuiuza kuti chithunzi chimene yapanga ichigwedeze. Mayinawa amasintha ngati mafashoni a nsapato, lero iyi mawa ina. Koma kalembedwe kouza makina kuti chiyende n'chiyani ndi kamodzi konsekonse, ndiye mukakadziwa simuvutika posintha pulogalamu.

Kuti timvane bwino, tikumbuke kuti vidiyo ndi zithunzi zambiri zothamangitsana. Nthawi zambiri pa sekondi imodzi pamadutsa zithunzi 24. Ndiye vidiyo ya masekondi 5 ili ndi zithunzi 120, ya masekondi 8 ili ndi 192. Ife tikaika chithunzi chathu cha chitenje, tapereka chimodzi chokha. Zina 119 zija makina akupeka okha. Amayamba ndi timadontho tosokonekera ngati TV imene yataya siginolo, n'kumatiyeretsa pang'onopang'ono mpaka patatuluka chinthu chofanana ndi mavidiyo miyandamiyanda amene anaphunzirapo. Makinawa sanasenzepo belo. Sadziwa kuti bulangete la 2-ply limalemera bwanji pamutu ukamatsika basi ku Wenela. Amangolosera kuti chinthu chooneka chonchi chimayenda bwanji. Mukapanda kuwauza, amalosera zawo, ndipo zawozo nthawi zambiri zimakhala zokongola koma zosakhala zanu.

Inu madalaivala mumvetsa msanga chifukwa ntchito imeneyi mumaidziwa. Mukamabweza thiraki m'mbuyo pageti lopapatiza la depoti, mumadalira munthu amene waima kumbuyo. Akamangokuwa kuti "bwerani bwinobwino, mwaluso, ngati katswiri", wakuthandizani chiyani? Palibe. Wodziwa ntchito amati "ngolo ipite kumanja pang'ono, pang'onopang'ono, bwerani, bwerani, imani pompo". M'mawu ochepawo watchula zinthu zinayi: chimene chiyende, kumene chilowere, liwiro lake, ndi pamene chiimire. Prompt yabwino ndi imeneyo basi. Makina ndi dalaivala amene sakuona kumbuyo, ife ndife oimirira pageti.

Ndiye tikamalemba timadzifunsa mafunso anayi omwewo. Chikuyenda n'chiyani? Chikulowera kuti? Mwachangu kapena pang'onopang'ono? Chithera pati? Kenako timaonjezera lachisanu limene ndi la ife a malonda: n'chiyani chimene chisakhudzidwe? Mawu otamanda monga "beautiful", "amazing" kapena "best advert" sayankha funso lililonse mwa amenewa. Ali ngati kuuza telala kuti "ndisokereni chokongola" osamupatsa miyezo.

Chinthu china chimene timatsatira ndi kuyambira pa chithunzi chathu, osati pa mawu okha. Mapulogalamuwa ali ndi makomo awiri. Khomo loyamba mumangolemba mawu, makina n'kupeka zonse, katundu yemwe. Khomo lachiwiri mumaika chithunzi chimene mwajambula nokha, n'kulemba mawu a kayendedwe kokha. Wamalonda alowere khomo lachiwirili nthawi zonse. Ndipo mukaika chithunzi, musatayenso mawu pofotokoza zimene zili kale pachithunzipo. Makina akuziona. Mukayamba kulemba kuti nsalu yofiira ya maluwa achikasu, mukuwapatsa mpata woti ajambule maluwa achikasu a m'mutu mwawo m'malo mwa anu. Ingotchulani kuti nsaluyo, n'kunena chimene ichite.

Tipereke chitsanzo. Tapachika chitenje pachingwe, kumbuyo kuli khoma loyera, tajambula kuwala kuli bwino. Timayamba kuganiza m'Chichewa: kamera ikhale phee, kamphepo kochepa kagwedeze m'mphepete mwa nsalu cha m'munsi, maluwa a pansalu akhale momwe alili. Kenako timalemba m'Chingerezi, poti makinawa amamva bwino Chingerezi kuposa zilankhulo zathu: "Static camera. A light breeze gently moves the bottom edge of the fabric. The pattern stays the same." Ziganizo zitatu zokha. Sizifuna digiri, Chingerezi chathu cha ku sekondale chomwechi chikwanira. Chachikulu n'choti ziganizo zikhale zazifupi, chilichonse chinyamule lamulo limodzi, ndipo mawu a ntchito akhale olunjika: ikugwedezeka, ikutsika, ikuyandikira. Osati "ikuoneka yamoyo", chifukwa moyo makina amaumasulira m'njira chikwi.

Tsopano mawu a kamera. Awa ndi ochepa ndipo ndi bwino kuwaloweza momwe timalowezera mayina a mafomu a pa boda. Static camera kapena locked camera ndiye kuti kamera yakhomeredwa, sikusuntha. Pan left kapena pan right ndi pamene munthu waima malo amodzi n'kutembenuza mutu kumanzere kapena kumanja, ngati mukuyang'ana basi ikudutsa. Tilt up kapena tilt down ndi kudzutsa kapena kuweramitsa mutu, ngati mukuyang'ana mulu wa mabelo kuchokera pansi kukafika pamwamba. Push in kapena dolly in ndi kuyandikira ndi mapazi. Zoom in ndi kukokera chinthu pafupi inu muli pomwepo. Tracking shot ndi kuyenda limodzi ndi chinthucho, ngati muli pagalimoto ina pambali pa thiraki. Orbit ndi kuchizungulira. Pa mawu onsewa timaphatikizapo "slowly" pafupifupi nthawi zonse, chifukwa makina akathamanga ndi pamene zinthu zimasungunuka.

Pali kamsampha kena pa nkhani ya kumanzere ndi kumanja. Woimirira kumbuyo kwa thiraki akati kumanja, dalaivala amafunsa kuti kumanja kwa ndani, kwanga kapena kwako? Makina safunsa, amangosankha. Choncho timalemba molingana ndi mmene tikuonera pa sikirini: thiraki ichoke kumanzere kwa chithunzi kupita kumanja kwa chithunzi, kapena ibwere cha kumene kuli kamera. Tisiyanitsenso kuyenda kwa kamera ndi kuyenda kwa chinthu. Mukangolemba kuti "moving forward" osatchula kuti ndani, mwina iyenda ndi kamera, mwina nsapato zanu ziyamba kuyenda zokha patebulo.

Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Mu vidiyo imodzi muikemo kuyenda kumodzi, mukachulukitsa kuwiri: kamodzi ka kamera, kamodzi ka chinthu. Mapulogalamu ambiri amapereka masekondi 5, 8 kapena 10. Tayesani kuwerenga nthawi imene mayi amatenga kuti anyamule poto, avundukule chivundikiro, aonetse mkati, abwezere, amwetulire. Zimenezo sizikwana m'masekondi 5. Mukazilamula zonse, makina amazipanikiza ngati katundu wa anthu atatu m'chikwama chimodzi. Pamenepo ndi pamene zala zimakhala zisanu ndi chimodzi, chivundikiro chimalowa m'dzanja, chogwirira poto chimasamukira mbali ina. Njira yake ndi kudula nkhaniyo m'zidutswa. Vidiyo yoyamba, kamera ikuyandikira poto. Yachiwiri, nthunzi ikukwera. Yachitatu, kamera ikuyenda m'mbali kuonetsa seti yonse. Kenako mulumikize mu CapCut kapena pulogalamu ina yodulira mavidiyo. Ngati mukufuna kuti ziwiri zitsatane bwino, tengani chithunzi chomaliza cha yoyamba chikhale choyambira cha yachiwiri.

Chinanso, uzani makina chimene mukufuna, osati chimene simukufuna. Mukauza mwana kuti asaganize za mandasi, mandasiwo ndi amene amadzaza m'mutu mwake. Makina nawonso akaona liwu loti "shaking" amatha kuligwira n'kusiya "no" amene munaika patsogolo. A Runway eni ake amalangiza zomwezi, kuti mawu okana amatha kubweretsa chosemphana ndi chimene mumafuna. Ndiye m'malo molemba kuti kamera isagwedezeke, lembani kuti kamera ili phee. M'malo molemba kuti botolo lisasunthe, lembani kuti botolo lili pamalo amodzi. Mapulogalamu ena ali ndi kabokosi kapadera kotchedwa negative prompt, ndipo zokana zanu muziika mmenemo, osati m'chiganizo chachikulu.

Tifike pa mtima wa nkhaniyi, pomwe pali ndalama ndi mbiri yathu. Kuyenda kulikonse kumene kukuulula mbali imene chithunzi chanu sichinaonetse, dziwani kuti mbali imeneyo yapekedwa. Mwajambula nsapato cha kutsogolo, n'kulamula kamera kuti izungulire. Chidendene chimene chionekecho si cha nsapato yanu, makina sanachionepo. Mwajambula chikwama chotseka, n'kulamula kuti chitseguke. Matumba a mkatimo, zipi, nsalu ya mkati, zonsezo ndi maloto. Mwajambula chitenje chopindika, n'kulamula kuti chitambasuke. Pa mayadi 6 aja makina aona kachigawo kakang'ono, kotsalako akongoletsa okha. Vidiyo ituluka yokoma kwambiri mwina kuposa katundu wanu, koma paja chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere.

Taganizirani amayi amene akuoda zitenje za chinkhoswe, onse akufuna kuvala zofanana. Asonkha ndalama, atumiza, ndipo inu mwadutsa Mbeya, Kasumulu, Songwe, mwalipira msonkho, mwafika. Akutsegula akupeza kuti mbalame zimene anaziona mu vidiyo pansalu palibe, pali masamba. Mukawauza kuti ndi AI inachita zimenezo, akumverani ndani? Iwo sanatumize ndalama kwa AI. Mpamba wanu wagona mu nsalu zimene eni ake azikana, ndipo uthenga woti mumanamiza anthu ufika ku mpingo wonse ndi ku banki nkhonde yonse inu musanapume. Geni yathu imayenda ndi ndalama zotsogola, munthu amalipira chinthu chimene sanachigwire n'kudikira masabata awiri. Chimene amagula poyamba ndi mawu athu.

Palinso bodza lina losaonekera msanga, la kulemera. Mayi wodziwa nsalu safunsa zambiri, amangoona mmene ikugwera. Nsalu yolimba ya thonje imagwa mwaulemu, yopepuka imauluka. Bulangete lolemera silinyamuka ndi kamphepo. Makina angathe kupangitsa nsalu yopyapyala kugwa ngati yokwera mtengo, kapena kupangitsa bulangete lanu labwino kupepeluka ngati katani. Koyamba mwanamiza kasitomala, kwachiwiri mwadzinyozetsa nokha. Choncho kayendedwe ka katundu si kokongoletsa chabe, kamanena za mtundu wake. N'chifukwa chake ife pa nsalu timalola m'mphepete mokha kugwedezeka, ndipo pa bulangete sitilola kuyenda kulikonse, imayenda ndi kamera yokha.

Ndiye kuyenda kopanda ngozi ndi kuti? Ndi kumene sikuulula chatsopano. Kamera kuyandikira pang'onopang'ono, poti ikungokulitsa chimene chilipo kale. Kuwala kwa dzuwa kudutsa pamwamba pa katundu. Nthunzi kukwera, masamba a mtengo kugwedezeka kumbuyo, mitambo kuyenda, katani ya pawindo kupepeluka pamene sofa ili phee. Moyo wa vidiyo uchokere ku zinthu zozungulira katundu, iye akhale ngati mkwatibwi pa mpando. Kuyenda koopsa ndi kuzungulira, kutambasula, kutsegula, kuthira, kuvala n'kutembenuka, komanso kamera kubwerera m'mbuyo, chifukwa ikamabwerera imayenera kudzaza m'mbali ndi zinthu zimene kulibe. Mutha kupeza shopu yanu yakula kawiri ndipo mashelefu adzaza katundu amene simugulitsa.

Zilembo nazo ndi mdani wa makinawa. Lebulo ya pa botolo la mafuta odzola, saizi ya pansi pa nsapato, dzina la fakitale lolembedwa m'mphepete mwa chitenje limene makasitomala amayang'ana kuti adziwe ngati ndi chenicheni, zonsezi zikayamba kuyenda zimasanduka zilembo za chilankhulo chimene kulibe. Kasitomala akaona lebulo yopindika amaganiza kuti katunduyo ndi feki, pamene inu munaoda weniweni. Ngati pachithunzi pali zilembo, kamera ikhale static kapena iyandikire pang'ono kwambiri. Mtengo, nambala ya foni ndi dzina la shopu musauze makina kuti alembe. Muzilembe nokha pamwamba pa vidiyo ikatuluka.

Pali zida ziwiri zimene zimathandiza pamene mawu akanika. Choyamba ndi chija Runway inabweretsa mu 2023 n'kuchitcha Motion Brush, ndipo ena monga Kling anadzakhala nacho chofanana. Mumapaka ndi chala malo okhawo amene mukufuna kuti ayende, kwinako n'kutsala. Chachiwiri ndi kupereka zithunzi ziwiri, choyambira ndi chomalizira, monga Kling ndi Luma amalolera. Chimenechi ife timachikonda chifukwa chimamangirira makina mbali zonse ziwiri. Tikajambula bedi bulangete lili lopinda, n'kujambulanso litayalidwa, kamera ili malo omwewo, makina amangopeka njira ya pakati, koma poyambira ndi pothera ndi zoona zathu. Zili ngati kuuza dalaivala kuti anyamukire pa Mwanza akafike pa Nyamapanda. Angaime pa Tete kapena ayi, koma sakatulukira ku Beira.

Inu a mathiraki amene mukutsatsa ntchito yonyamula katundu, kwanu kuli zovuta zake. Ife ku Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe, Tanzania ndi South Africa timayenda kumanzere, kumanja timakayambira tikawoloka Kasumbalesa kulowa ku Congo. Mukapanda kutchula, mupeza thiraki yanu ikuyenda mbali yolakwika, ndipo mnzanu aliyense wa pamsewu aseka. Matayala nawo amavuta. Hosi ndi ngolo ya ma ekiselo atatu ndi matayala 22, koma mu vidiyo mumatha kuona ekiselo ina ikubadwa pakati pa ulendo, kapena matayala akuzungulira chobwerera. Nambala puleti imasintha, dzina la pachitseko limasungunuka, zingwe za tenti zimatha. Njira yabwino ndi thiraki yoima. Ijambuleni itapakidwa bwino madzulo, mulembe kuti thiraki ili phee, mitambo ikuyenda pang'onopang'ono, kamera ikuyenda m'mbali kuchokera ku hosi kupita ku ngolo, ndipo chithunzicho chikhale chokwana thiraki yonse kuti makina asapeke mchira. Ngati thiraki ndi ya abwana, yambani mwapempha. Ndipo zonsezi ndi za poima, osati chiongolero chili m'manja.

Nkhani ya ndalama tisaiiwale. Mapulogalamu ambiri amapatsa makirediti ochepa aulere, akatha mumalipira m'madola. Tonse tikudziwa mmene dola ikusowera, makamaka chichokereni November 2023 pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Vidiyo iliyonse imene mwayesa imadya makirediti, ikome kapena iipe, ndipo prompt imodzimodziyo mukaiyendetsa kawiri imatulutsa zinthu ziwiri zosiyana. Ndiye musamangodina ngati mukutchova juga. Chitani ngati makaniko wabwino amene amasintha chinthu chimodzi n'kuliza injini kuti amve. Ngati nsalu yauluka kwambiri, sinthani liwu la mphepo lokha, zina zonse zisiyeni. Yesani kaye ndi masekondi 5. Dulani chithunzi chanu chikhale choimirira, 9:16, musanachiike, ngati mukufuna cha pa Status kapena TikTok, kuti makina asadzaze okha m'mwamba ndi m'munsi. Ife tili ndi kope limodzi, lomwe timalembamo ngongole, kumapeto kwake tinasungako ma prompt amene anagwira ntchito. Tilinso ndi lamulo loti tikayesa katatu osatheka, vuto ndi chithunzi kapena tapempha zambiri, ndiye timajambula china. Ndipo zonsezi timachitira pa Wi-Fi ya kumalo ogona, osati pa bandulo ya roaming.

Nthawi zina yankho ndi kungojambula ndi foni basi. Ngati kasitomala akufuna kuona mkati mwa chikwama, tsegulani chikwamacho mujambule. Ngati akufuna kuona diresi mmene ikukhalira pathupi, wina avale ayende. Foni ili m'manja mwanu ndipo siidya makirediti. Ife timagawa ntchito chonchi: masekondi 5 a AI ndi oimitsa chala cha munthu amene akuthamangitsa ma Status, ngati mnyamata woitanira pa depoti. Pambuyo pake pamabwera chithunzi chenicheni ndi vidiyo yeniyeni, dzanja lathu likugwira katunduyo. Woitanira amaitana, koma wokwera amakwera basi imene ilipo. Timalembanso pansi kuti kavidiyo koyambako n'kokongoletsedwa ndi AI. Palibe kasitomala amene anatithawa chifukwa cha mawu amenewo. Kumbukiraninso kuti kutsatsa konamiza ndi mlandu. Ku Malawi kuli Competition and Fair Trading Commission, ku Zambia kuli Competition and Consumer Protection Commission, ndipo onsewa amalandira madandaulo a ogula. Nkhope za anthu nazo tizilemekeze. Chithunzi cha kasitomala, cha mwana wa mnzanu kapena cha munthu wotchuka si chotenga n'kuchiyankhulitsa kuti chitamande katundu wanu mwini wake asakudziwa.

Kudziwa kulamula makinawa kumatithandizanso kuti ena asatipusitse nawo. Munthu wina wonyamula katundu, dzina tisunga, anatitumizira vidiyo ya thiraki ikuyenda itamangidwa tenti, akuti katundu wathu wanyamuka, titumize ndalama yotsala ya mafuta. Tinaionera katatu. Inali ya masekondi ochepa, m'munsi munali modulidwa pamene pamakhala chizindikiro cha pulogalamu, zilembo za pachitseko zimavina, ndipo mthunzi wa thiraki sumayenda limodzi ndi thirakiyo. Tinamuuza kuti atiimbire video call, azungulire thiraki, akweze tenti, agwire belo limene tinalembapo dzina lathu. Foni inayamba kuvuta netiweki mpaka madzulo. Ndalama sitinatumize, ndipo katundu tinakamupeza ali pomwe tinamusiya. Taonani kuti zimene tinapemphazo, kuzungulira, kutsegula, dzanja kugwira chinthu, zilembo kuwerengeka, ndi zomwe zija tanena kuti makina amapeka. Koma makinawa akukhwima chaka ndi chaka, ndipo zizindikiro zimene tikuziona lero mawa sizidzaoneka. Google imaika chizindikiro chobisika chotchedwa SynthID m'mavidiyo a Veo, koma si maso athu amene angachione pa boda. Umboni wodalirika ndi kuyankhulana pompopompo, inu mukulamula kuti aloze kamera kuti. Vidiyo yotumizidwa isakhalenso lisiti.

Ife tinakulira nthawi imene kutsatsa kunali kuyala katundu pa mphasa n'kukuwa. Tinaona foni ikubwera, kenako Facebook, kenako WhatsApp, ndipo chilichonse chinapindulira amene anachiphunzira msanga n'kuchigwira moona mtima. Ichinso ndi chimodzimodzi. Mnyamata wa zaka 20 angatipose pa liwiro la zala, koma ife tili ndi chimene makina alibe ndipo iye sanachipeze. Timadziwa mmene nsalu yeniyeni imagwera, mmene thiraki yodzaza imakhalira pa matayala ake, ndi nkhope ya kasitomala akatsegula thumba n'kupeza chimene sanaode. Kudziwa kumeneko ndi kumene kumalemba prompt yabwino.

Ndiye mukakhala pa mzere wautali wa pa Beitbridge kapena pa Nakonde, injini itazimitsidwa, tulutsani kope. Sankhani katundu mmodzi. Lembani ziganizo zitatu: kamera ichite chiyani, chinthu chimodzi chiti chiyende ndipo motani, ndi chiti chikhale momwe chilili. Mukafika pa Wi-Fi muyese. Ikatuluka, iikeni pambali pa katundu weniweniyo, muyang'ane uku ndi uku ngati ofisala wa kasitomu akufananiza fomu ndi zimene zili m'thumba. Zikafanana, tumizani. Zikasiyana, olo ikome bwanji, ifufuteni.

Muyende bwino nonse, ndipo katundu afike.